Kanjedza wa Malemu

Ndinabadwira ku Chikwawa, kumene kanjedza amangomera yekha m'mbali mwa madambo ndipo palibe amamupatsa moni. Ndiye tsiku limene akazi anga anafika kunyumba kwathu ku Mooinooi, katauni ka migodi kuno ku Joni, ndi kanjedza wa mumphika, ndinaseka mpaka kutsokomola. Anachita kupatsidwa ndi banja lina limene ankalichapira ku Protea Park, eni ake akusamukira ku Kepi. Ndinati, mayi, ulendo wonse uja tinayenda kudzafuna moyo ku Joni, inu mwaona kuti chosowa m'nyumba muno ndi tchire? Anangoloza pakona ya khonde, ine ndi anthu a galimoto n'kuukankhira mphikawo pamenepo. Unali wasimenti, wolemera moti msana wanga ukuukumbukirabe.

Kanjedzayo anakula mpaka kundifika m'mapewa. Chaka chilichonse, mwezi wa Meyi ukangolowa, akazi anga ankaitana mnzawo wa nyumba yoyandikana nafe, mayi wa Chitswana, n'kulowetsa chiguduli pansi pa mphika ndi kuukokera pabalaza. Ankauimika pawindo, pafupi ndi wailesi ya kanema, moti nyengo yonse yozizira mpira ndinkauonera m'mipata ya masamba. Chigoli chikalowa mbali ya kumanzere ndinkachimva kwa wolengeza. Ndinkang'ung'udza, iwo n'kumati ndisunthe mpando. Mu Seputembala ankamubwezera panja. Zimene ankamuchita m'miyezi imeneyo sindinaziyang'anepo, chifukwa munthu wa ku Chikwawa sangaphunzire za kanjedza kwa wina aliyense.

Akazi anga anamwalira mu Malichi, atangodwala pang'ono. Thupi tinapita nalo kumudzi. Zonse zitatha, ndisanakwere basi yobwerera, alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemu amenenso ndi mwini mbumba, ananditengera pambali.

"Alamu, katundu wa mlongo wathu amene ali ku Joniko musamugwedeze," anatero. "Chilichonse chikhale pamene mwini wake anachisiya. Tikamaliza zokolola, kukafunda, tibwera komweko tidzaone ndi maso, tidzagawe mwadongosolo."

Ndinati ndamva. Ndipo ine ndikati ndamva ndiye kuti ndamvadi. Ndagwira ntchito pansi pa mgodi unyamata wanga wonse, ndipo ndinatuluka ndi zala zanga zonse chifukwa akati apa osapita, sindinkapita. Anzanga amene ankakonda kufunsa kuti chifukwa chiyani, ena a iwo amapereka moni ndi dzanja lamanzere.

Nditabwerera ku Mooinooi sindinasunthe kanthu. Nsapato zawo zinakhala pakhomo pomwepo, chitenje pampando, makina osokera ali ndi nsalu kukamwa, singano italowa. Ndinkasesa mozungulira. Ana athu, mmodzi ali ku Kepi wina ku Blantyre, ankaimba foni kufunsa ngati ndikudya, ine n'kumati ndikudya.

Meyi analowa, mphepo inasintha, ndipo ndinamukumbukira kanjedza. Ndinaima pakhonde ndi kapu ya tiyi n'kuzenga mlandu ndekha. Anapatsidwa ndani? Malemu. Anamuika apa ndani? Malemu. Ndiye ndi katundu wa ndani? Mlandu unatha tiyi asanazizire. Ndinadzilimbitsanso mtima kuti kwathu kanjedza amapsa ndi moto wolusa, amadyedwa ndi mbuzi, amasemedwa ndi ogoma uchema, mowa wa kanjedza uja, koma chaka chamawa umamupeza ali chiimire. Chimene ndinaiwala n'chakuti ku Chikwawa tikati kwazizira timatanthauza kuti lero munthu akhoza kuvala malaya.

Chisanu chenicheni chinagwa mu Juni. Ndinadzuka m'mawa n'kupeza kapinga yense ali mbuu, madzi a m'ndowa ataundana pamwamba. Masamba a kanjedza anali atada, ali lende, ngati chisoso chothiridwa madzi otentha. Ndinati dzuwa likatuluka adzuka. Dzuwa linatuluka, iye osadzuka. Patapita masiku masamba aja anayamba kufiira kuyambira kunsonga, kenaka kuuma.

Apa mpamene mantha anandigwira, ndipo ndinene mosabisa. Pa zinthu zonse zimene akazi anga anasiya, ichi chokha ndicho chinkapuma. Nsapato zikanadikira alamu ngakhale zaka, makinanso chimodzimodzi. Koma uyu akanatha kufa ndikuona, pakhomo panga, chaka chomwecho. Sindinkafuna maliro achiwiri. Ndinalumbira kuti alamu adzamupeza wamoyo, ngakhale zivute bwanji.

Munthu wanzeru akanangokoka mphika uja n'kuulowetsa m'nyumba. Ine ndinatenga foni n'kuimbira alamu kumudzi. Titalonjerana, titafunsana za mvula, za thonje ndi za odwala, ndinafika pankhani.

"Alamu, pali katundu wina wa malemu amene akufunika kusunthidwa. Ndati ndisachite mwandekha."

"Katundu wanji ameneyo?"

"Mtengo."

"Mtengo? Anagula munda kumeneko?"

"Ayi, uli mumphika. Kanjedza. Ndimafuna kuuchotsa pakhonde kuulowetsa pabalaza."

Tambala analira kumbali kwawoko.

"Umabereka?"

"Ayi."

"Ndi wamankhwala?"

"Ayi, alamu, ndi wongokongoletsa."

"Hmm. Alamu, inu ndinu munthu wamkulu. Simungaimbe foni kuchokera ku Joni chifukwa cha kanjedza wamba. Imeneyi ndi nkhani yofunika kukhalirana pansi. Musaugwire kaye, ndiwafunse azakhali."

Ndinaika foni pansi ndikudziwa kuti ndadzimanga ndekha. Ndisanaimbe linali lamulo lachisawawa, tsopano linali lamulo lotchula mtengowo ndi dzina. Azakhaliwo ankakhala kutsidya kwa Shire ndipo analibe foni. Yankho lawo mpaka lero silinafike.

Ndiye ndinaganiza monga tinkaganizira pansi. Kumgodi, chimene sungathe kuchichotsa umachichirikiza. Ngati kanjedza sangalowe m'nyumba, nyumba imupeze pomwe alipo. Ndinatola mitengo ya bulugamu, mapulanga a mapaleti ndi pulasitiki wokutira matiresi amene ndinapempha kusitolo ya mipando. Ndinaimika nsichi zinayi kuzungulira mphika, osaukhudza, n'kuzikhomera mpaka kudenga la khonde ndi timatabwa tothinitsira, ndendende mmene tinkachirikizira denga la mwala. Nditamaliza ndinatenga mgwala wanga wakale, chitsulo chachitali chija tinkagogodera nacho denga kuti timve ngati mwala walekana, n'kugogoda nsichi iliyonse. Zonse zinalira bwino. Chisakasa chimenecho chikanapirira ngakhale kuphulika kwa miyala, pamene mdani wake anali mame.

Anthu odutsa mumsewu ankachepetsa liwiro. Wina anandifunsa ngati ndatsegula kagolosale. Mnyamata wina wa kwathu konkuno, wa maganyu, anabwera mwaulemu kudzafunsa ngati chipindacho ndikuchititsa lendi.

Usiku pulasitiki yekha sakwanira, ndiye panafunika bulangete. Apa panabukanso mlandu wina. Mabulangete onse abwino m'nyumbamo anagula ndi akazi anga, ndipo ndinawapeza atawapinda okha m'kabati. Amenewo ndi katundu wa malemu. Langalanga linali limodzi, lotuwa, limene ndinatuluka nalo ku hositelo ya mgodi kalekale. Ndinamufunditsa kanjedza limenelo. Ine ndinkagona ndi ovolosi, jekete ndi chipewa chaubweya, kabati yodzaza mabulangete ili pambali pa bedi.

Ndinayamba kumuyendera mwa mashifiti. M'mawa dzuwa likafika pakhonde, kuchotsa bulangete. Madzulo lisanalowe kuseri kwa phiri, kumufunditsa. Ku tchalitchi ndinkatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Anzanga a kumgodi tikakumana ku mashopu ankati, madala, bwanji mukuthamanga ngati mwachedwa kheji yotsikira mumgodi, ine n'kumati ndili ndi wodwala kunyumba. Ena anafika pobweretsa malalanje.

Koma masamba ankapitirirabe kuuma, ndipo ine ndikaona tsamba louma mutu wanga umadziwa chinthu chimodzi chokha. Kwathu Juni ndi Julayi ndi miyezi ya kudimba. Mbewu ikafota, umathirira, m'mawa ndi madzulo, ndipo waulesi amaoneka ndi mpiru wake. Kuno nakonso mvula inali italeka, mphepo youma yong'amba milomo. Ndinati mwanayu ali ndi ludzu. Ndinayamba kuthirira kawiri patsiku, ndipo poti palibe amamwa madzi ozizira mu Juni, ndinkayamba ndawafunditsa m'ketulo. Nditaona kuti sizikusintha ndinati ndi njala. Ndinakapempha zitosi za nkhuku. Zitosi zitalephera ndinathira feteleza wobereketsa, dzanja lodzaza, monga timachitira ndi chimanga chikafika m'mawondo.

Kenaka ndinatulutsa hita. Ndinadutsitsa chingwe pawindo n'kuiika m'chisakasamo kuti iziyaka m'bandakucha, nthawi imene chisanu chimaluma kwambiri. Magetsi akazima ndinkayatsa mbaula. Poti ndine munthu wodziwa kuopsa kwa mpweya woipa, ndinaika paipi yotulutsira utsi pamwamba ndi ina yolowetsera mphepo pansi, ndipo ndinanyadira kwambiri luso limeneli. Tsiku lina m'mawa ndinalowa m'nyumba kukatenga tiyi, pobwera ndinapeza pulasitiki wa mbali imodzi atasungunuka, masamba a mbali imeneyo atawauka, bulangete langa lili ndi bowo loti mutu n'kulowa. Chisanu chinali chitadya mbali ya kumsewu, ine ndinamalizitsa mbali ya kukhoma.

Tsiku limenelo ndinapsa mtima. Ndinamukalipira kanjedza, mokweza, m'Chifanakalo, chinenero chimene tinkatukwanirana nacho pansi. Ndinamuuza kuti abale ake ku Chikwawa akukhala m'matope osadandaula, iye wapatsidwa nyumba, bulangete, madzi ofunda ndi chakudya, akufunanso chiyani. Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwanje kuti ndisadze masamba onse ouma, mwina angachite manyazi n'kuphuka.

"Rra! Ikani pansi chimenecho!"

Anali mayi wa nyumba yoyandikana uja, mnzawo wa malemu, atagwira waya wa mpanda. Rra ndiye kuti bambo m'Chitswana. Chimwalirire akazi anga ankangondipatsa moni patali, poti mwamuna wofedwa sayenderedwa wamba. Koma tsiku limenelo analowa pageti osaodira. Timalankhulana mosakaniza Chitswana changa chothyokathyoka ndi Chingerezi, chifukwa Chifanakalo amadana nacho, amati n'cholamulira anthu. Analowetsa mutu m'chisakasa n'kuutulutsa msanga atagwira mphuno.

"Mukumusamala kapena mukumuphika?"

Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, madzi, zitosi, feteleza, mapaipi. Ankangogwedeza mutu. Anapisa chala m'dothi la mumphika, chinatuluka chakuda, chikudontha, chikununkha ngati ngalande.

"Mnzanga uja nyengo ino sankamuthirira," anatero. "Ankapisa chala chonchi. Chikatuluka chouma, kapu imodzi, basi. Chakudya ayi, mpaka kutafunda. Mtengo ukazizidwa umagona, Rra. Inu mukuudzutsa kuti udye. Ndipo masamba oumawa asiyeni, ndi amene akutchinga mtima wake."

Ndinafuna kuwauza kuti ndine wa ku Chikwawa, koma fungo lija linanditseka pakamwa.

"Tengani chiguduli timulowetse m'nyumba," anatero, akukwinya kale manja a juzi.

Ndinawauza za alamu, za azakhali a kutsidya, ndi kuti katundu wa malemu sagwedezedwa.

"Ifenso miyambo tili nayo, ndipo ndimailemekeza," anatero. "Koma mnzanga akanadzuka lero, akanakoka mphikawu kulowa nawo m'nyumba, inu n'kukutsekerani m'kachisakasa kanuka."

Zinali zoona, koma sindinalole. Mawu ndinali nditapereka kale kwa eni mbumba. Mayiwo anatuluka akuyankhula okha m'Chitswana chothamanga chimene sindinachimve, ndipo ndikuthokoza kuti sindinachimve.

Vuto linali lakuti madzi aja anayenera kutuluka, ndipo kabowo ka pansi pa mphika kanali katatsekeka. Kupendeketsa mphika ndi kuusuntha, ndiye sizikanatheka. Apa pokha mpamene ntchito yanga yakale inathandiza. Ine kumgodi ndinali wobowola miyala. Ndinabwereka chobowolera, n'kugona chafufumimba pakhonde, n'kubowola mabowo m'munsi mwa mphika kuzungulira, pang'onopang'ono kuti simenti isang'aluke. Madzi akuda anatuluka n'kuyenderera mpaka pamasitepe. Ndinakokolola zitosi ndi feteleza pamwamba ndi supuni. Mphika sunasunthe ngakhale pang'ono, ndipo ndinadzuka pamenepo mawondo akulira koma mtima uli m'malo.

Zitatero inayamba ntchito yovuta kuposa zonse, yongokhala osachita kanthu. Hita inabwerera m'nyumba, mbaula kuseri. Ndinamata pulasitiki, n'kusoka bowo la bulangete. Chotsala chinali kufunditsa madzulo, kuvundukula m'mawa, ndi kupisa chala. Chala chinkatuluka chonyowa tsiku ndi tsiku. Ndinkaima ndi ketulo m'manja ngati munthu wofika pa mwambo umene sanaitanidwe, kenaka n'kukathira madziwo pa kapinga. Manja ankandiyabwa. Munthu amene wazolowera kuti vuto amalithetsa ndi thukuta, kumuuza kuti angodikira ndi kumulanga.

Chimodzi chokha chimene ndinabwera nacho kuchokera kwathu chinali choona. Ogoma uchema ankati moyo wa kanjedza uli pamtima, pa kansonga kapakati kamene kamatuluka kosongoka kasanatambasuke kukhala tsamba. Masamba onse akhoza kupsa, koma kansongako kakakhala kolimba, mtengo ulipo. Kakavunda, kamazuka ukangokakoka, ndipo pamenepo palibenso chochita. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkapatula masamba ouma aja, n'kugwira kansongako ndi zala ziwiri, n'kukoka pang'ono. Sikankazuka. Komanso sikankakula.

Kuti ndisamadzinamize, ndinachita zimene ankachita oyeza malo kumgodi. Ndinatenga penti yoyera n'kulemba kamzere kopingasa, kuyambira pa kansonga kufika pa phesi louma loyandikana nako. Kansonga kakakwera, mzerewo uduka pawiri. Julayi yense mzere unali umodzi. Ndinkauyang'ana ndi magalasi, ndinkauyang'ana opanda magalasi, ndinkauyang'ana cham'mbali. Unali umodzi basi.

Mwezi womwewo chifuwa chinandigwira. Namwino wa kukiliniki anandifunsa ngati ndili ndi zofunda zokwanira kunyumba. Ndinati kabati yodzaza. Sindinaname.

Ogasiti anabwera ndi mphepo yake ija yonyamula fumbi la pa milu ya mgodi n'kulithira m'maso, m'mano ndi m'mbale. Inang'amba pulasitiki kangapo, ine n'kumamata. Ndipo m'mawa wina chakumapeto kwa mweziwo, ndikupatula masamba mwachizolowezi, ndinaona kuti mzere waduka. Mbali ya pa kansonga inali itakwera, pang'ono chabe, mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Pansi pake panaoneka kobiriwira katsopano.

Ndinathamangira kumpanda ndi patapata mmodzi, ndikuitana mayi aja ngati nyumba ikupsa. Anabwera, anavala magalasi, anayang'ana, n'kunena kuti, "Ali moyo, ngakhale munayesetsa." Ndinaseka, kenaka kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo ndinalira pamaso pa mkazi wa eni, mphuno ikutuluka, osatha kudzigwira. Iwo anangoyang'ana kumbali n'kumatola masamba pansi mpaka nditamaliza.

Mu Seputembala ndinagwetsa chisakasa. Kanjedza anatuluka wonyansa, ndisaname. Anali ngati nkhuku yososoledwa theka, mapesi ouma mbali zonse, koma pakati pali tsamba limodzi latsopano likuyamba kutambasuka, lobiriwira mowala. Ndinkakhala pakhonde madzulo n'kumaliyang'ana mmene ena amayang'anira mdzukulu.

Alamu anafika ndi basi kumapeto kwa mwezi umenewo, pamodzi ndi mng'ono wawo wa malemu. Tsiku logawa katundu kunabweranso mwana wamkazi wa mng'ono wawoyo, amene amakhala ku Waterfall East, m'tauni ya Rustenburg, ndi mwamuna wake, ndipo anabwera pa bakhi, kagalimoto kawo konyamulira katundu. Ine ndinavala suti yanga yakuda. Tinayala mphasa pabalaza, tinapemphera, katundu n'kuyamba kutuluka. Zovala, ziwiya, makina osokera, mabulangete aja. Alamu ankatchula chinthu ndi woti atenge, za ana athu n'kuziika pambali. Zinayenda mwamtendere, popanda wokweza mawu.

Kenaka alamu anaimirira n'kuyankhula za ine. Anati ayenda m'maliro ambiri, aona amuna amene amagulitsa katundu wa mkazi manda asanaume, koma sanaonepo munthu wosunga mawu ngati ine. Anati ngakhale singano anaipeza ili m'nsalu mmene mlongo wawo anaisiyira. Anati machona ambiri amataya mwambo akangowoloka malire, koma mlamu wawoyu ndi chitsanzo. Ine ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, koma m'kati ndinali nditafufuma ngati chitumbuwa.

"Tsopano," anatero, "tikaone mtengo uja. Kumudzi aliyense akufunsa za mtengo umenewu."

Tinatuluka tonse pakhonde. Alamu anayang'ana kanjedza, anayang'ana kuseri kwake ngati pali wina, n'kundiyang'ana ine.

"Ndi umenewu?"

"Ndi umenewu, alamu."

Anakhosomola. Ndi munthu waulemu, ndiye anati ukuoneka kuti unali wokongola. Ndikukhulupirira kuti ndikanapanda kuimba foni ija, akanaudutsa pakhondepo osauona n'komwe, monga munthu amadutsira tsache. Koma unali utatchulidwa, azakhali anali atatumiziridwa uthenga, mudzi unkadikira kumva. Unayenera kugawidwa. Anakambirana ndi mlongo wawo motsitsa mawu. Pa basi sungakwere, pa malire sangaulole, ku Kepi n'kutali. Anagamula kuti upite kwa mwana wa ku Waterfall East, poti ndiye wa mbumba amene ali pafupi.

Mwanayo anandiyang'ana. Ndi mwana wanzeru, ndipo anali atamva kwa mayi a mpanda aja za chisakasa.

"Amalume," anatero, "bwanji ungotsala ndi bambo aakulu? Ndi amene auvutikira."

Alamu anatembenukira kwa ine. "Alamu, muli ndi mawu?"

Mawu ndinali nawo, anali pakamwa penipeni. Ndikanangoti, ndisiyireni, palibe akanakana, mwinanso akanasangalala kuti achepetsa katundu. Koma wofedwa saloza chinthu pa katundu wa malemu, amadikira kupatsidwa. Ndiponso ndinali nditangotchedwa chitsanzo, mawuwo adakali otentha m'makutu. Chitsanzo chingayambe kupempha tchire pamaso pa eni mbumba? Ndinamva pakamwa panga pakuyankhula mwaulemu wonse.

"Ayi, alamu. Si wanga. Zonse zili m'manja mwanu."

Kumpanda kunamveka kutsonya kwakukulu. Sindinacheuke.

Mphika umene ndinaulondera nyengo yonse yozizira kuti usasunthe tinaukoka ndi chiguduli, ine, alamu ndi mkamwini, mwamuna wa mwana uja, n'kuukweza pa bakhi ndi mapulanga a chisakasa chomwe chija. Mkamwini atalizitsa injini ndinaganiza za mphepo ya pamsewu waukulu ndi tsamba lanthete lija. Ndinati ndikwera kumbuyo. Anandiletsa, anati ndine wamkulu, kutsogolo malo alipo, apolisi akhoza kutiimitsa. Ndinakwera kumbuyo.

Ulendo wonse wa ku Rustenburg ndinakhala chogwada, msana nditaulozetsa kumphepo, jekete nditaitambasula, tsamba lija lili pachifuwa panga. Tinadutsa nsanja za migodi imene ndinagwiramo ntchito, milu ya miyala, ma hositelo. Madalaivala a mathiraki ankaimba mahutala poona nkhalamba ya tayi itakumbatira chitsamba chouma. Mapesi ankandibaya m'khosi. Sindinasamale, ndipo tsamba linafika losang'ambika.

Ku Waterfall East nyumba zake n'zofanana zonse, zamageti otseguka okha. Tinamulowetsa pabalaza, pawindo lalikulu loyang'ana kumene dzuwa limadzera, malo abwino kuposa alionse amene ine ndikanamupatsa. Ndinayamba kupereka malangizo. Chala choyamba, madzi pambuyo. Feteleza pang'ono, ndipo osati nyengo yozizira. Masamba ouma muwadule pokhapokha atsopano akachuluka. Hita kutali. Ndinabwereza zonse kawiri, mwanayo akungoti inde bambo aakulu, inde bambo aakulu, mpaka ndinaona kuti zonena zatha ndipo ndangoima pabalaza pa eni.

"Muzibwera kudzamuona," anatero. "Khomo ndi lanu ili."

Anandikakamiza tiyi, ndinamwa. Mkamwini anati andibweze pa galimoto, ndinakana, ndinati alamu akudikira koma ndikufuna ndiyendeko pang'ono. Anandisiya pokwerera matakisi m'tauni.

Mu takisi ya ku Mooinooi ndinakhala mpando wakumbuyo, manja pamawondo, dothi la mumphika lili m'zikhadabo. Pambali panga panakhala mayi wina wachikulire ndi majumbo ake a m'sitolo. Anayang'ana suti yakuda ija, anayang'ana nkhope yanga, n'kundifunsa m'Chitswana, mwachifundo, ngati ndikuchokera ku maliro. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, ndifotokoze kuti ndi nkhani yoseketsa chabe ya mtengo wa mumphika. Koma ndinangoti inde.

Anafunsa kuti watisiya ndani.

Ndinati, akazi anga.